Kusaka mwala wosemeka ku Salima: ntchito ya chiliza cha agogo

10 Meyi 2025

Ntchito yanga ndi yosema ziboliboli za mtengo kuno ku Senga Bay, ndipo ndinaiphunzira kwa malume ndili mnyamata. Mwala sindinausemepo chibadwire. Mlungu wathawu abale anakhala pansi kukambirana zomanga chiliza cha agogo aamuna, ndiye amayi aakulu a ku Lilongwe anati matailosi akuda amene aliyense akuika masiku ano sakuwafuna. Akufuna mwala wakwathu konkuno, pakhale dzina, zaka, ndi chambo chimodzi, poti agogowo moyo wawo wonse unathera m'bwato. Onse anacheukira kwa ine. Ndinavomera ndisanaganize.

Andipatsa K150,000 ya mwala ndi zida. Simenti ndi njerwa adzagula okha. Tsiku la mwambo ndi 4 Okutobala, chisankho cha pa 16 Sepitembala chitadutsa, kuti a m'tauni adzayende mtima uli m'malo.

Ndikufuna mwala wa masentimita 70 mulitali, 45 mulifupi, wokhuthala 12. Mtundu wake ukhale mwala wamchenga, umene a m'mabuku amati sandstone, chifukwa ndinamva kuti ndi umene umamvera tchizulo popanda makina. Matchizulo anga a mtengo sangagwire ntchitoyi, choncho wosula zitsulo wina wa ku Kamuzu Road wandisulira anayi kuchokera ku sipuling'i ya galimoto: wosongoka mmodzi, wamano mmodzi, afulati awiri. K16,000. Hamala ndi tupa ndili nazo kale.

17 Meyi

Ndagula mwala woyamba kwa anthu ophwanya miyala m'mbali mwa msewu wa M14, kumene msewuwo umayamba kukwera zitunda zopita ku Dowa. Ndinawafunsa kuti, "Muli nawo mwala wamchenga?" Bambo wina anatenga chimwala chotuwa, kuchipekesa ndi chala, mchenga n'kumayoyoka. "Si uwu, achimwene?" Ine m'maso munayera. K18,000 mwala, K12,000 galimoto yobweretsa.

20 Meyi

Ndalama zija ndataya. Masiku awiri oyamba zinkayenda bwino, tchizulo ankalowa ngati m'dothi louma. Nditafika zala zitatu m'kati, kulira kwa mwala kunasintha, moto unayamba kuthetheka, ndipo tchizulo wosongoka anathyoka nsonga. Wafulati mmodzi wapindika mlomo. Kunja kofewa kuja ndi chikhungwa chabe, m'kati ndi mwala wina wolimba, wa mizere yoyera ndi yakuda yokhotakhota, wokhala ndi tinthu tonyezimira tomatuka ndi chikhadabo.

Malume anabwera kudzaona, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mphwanga, mtengo umayamba waufunsa dzina usanaudule. Uwu unaufunsa?" Sindinawayankhe.

31 Meyi

Ndinanyamula zidutswa kupita nazo kwa aphunzitsi ena opuma amene ankaphunzitsa jogalafe kusekondale. Amasunga kagalasi kokulitsa zinthu kakhumi, ndi mapu akale a miyala ochokera ku nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba. Anangoika kagalasiko pa chidutswa n'kuseka.

"Mwana wanga, uwu ndi gneiss wovunda. Mvula ya zaka zambiri inaoletsa kunjaku, n'chifukwa chake ukuyoyoka. Kuyoyoka mchenga sikutanthauza kuti unapangidwa ndi mchenga."

Anandionetsa kusiyana kwake, ndipo ndikulemba pano chifukwa ndi kumene kukanandipulumutsira K30,000. Mu gneiss njere zake n'zosongoka, zolumana ngati mano a zipi, popanda mpata pakati. Mu mwala wamchenga njere n'zobulungira, poti zinakunkhunizika m'madzi zisanamatane, ndipo umatha kuona njere payokha ndi chimene chikuimata ku inzake, monga mtedza wokazinga ndi shuga. Ukauswa, mng'alu umazungulira njere, sudula pakati pake. Njere zenizenizo kawirikawiri ndi quartz, yolimba kuposa chitsulo cha mpeni, yokanda botolo. Ndiye tchizulo sadula njere ayi, amangozigumula pa chomatacho. Chomatacho chikakhala cholimba kwambiri, mwala susemeka. Chikakhala dongo, mwala umasungunuka ndi mvula. Wosema amafuna chapakati.

Kenaka anatambasula mapu aja. Zitunda zonse za kumadzulo kwa Salima ndi gneiss wakalekale. Phiri la Senga ndi miyala ya banja la granite, nayonso yosamvera tchizulo wanga. Chigwa chonse kuyambira ku Chipoka kudutsa pa boma mpaka ku Khombedza ndi mchenga ndi dongo zimene nyanja ndi mitsinje zinasiya. Mwala wamchenga weniweni wokhwima, wa miyala imene amaitcha Karoo, uli kutali: ku Rumphi cha ku Livingstonia ndi ku Mchenga kumene amakumba malasha, komanso ku Chikwawa cha ku Lengwe. Kukautenga kumeneko ndalama yonse ingathere pa mayendedwe, ndipo amayi aakulu anati wakwathu.

"Koma usataye mtima," anatero aphunzitsi. "Nyanjayi yakhala ikukwera ndi kutsika kuyambira kale. Chaka chatha chomwechi unaiona ikulowa m'nyumba za anthu. Pamene inagonapo kale pali mchenga, ndipo pena mchengawo unamatana. Kayende m'zigwembe ndi m'magomo a mitsinje, osati m'mapiri."

Ndagula botolo la viniga, K2,800. Kagalasi andibwereka.

7 Juni

Mnzanga wina anandiuza za mwala wofiira umene amakumba ndi piki kumunda kwawo. Kabaza wanjinga yamoto kupita ndi kubwera K6,000. Ndinapeza kuti ndi lubwe. Ndi wa mabowomabowo ngati chulu, wodzaza timiyala tofiira. Pa maziko a nyumba ndi wabwino, koma chilembo sichingaoneke pamenepo. Tsiku latha.

22 Juni

Ndaupeza, mwina. Milungu iwiri ndakhala ndikuyenda pa njinga m'zigwembe za kummwera kwa kwathu kuno, cha kumene madzi amatsikira ku mtsinje wa Linthipe. M'chigwembe china, chimene mvula ya chaka chino inachikumba mozama, pansi pa mchenga wofika m'chifuwa, pali mwala wogona chafulati wotulukira ngati shelefu. Amayi a m'mudzimo amatolako zidutswa zonolera mipeni ndi zotsukira mapazi. Ndikanafunsa iwowa poyamba pomwe.

Pa kagalasi njere n'zobulungira, zambiri zochepera milimita imodzi. Muli tizidutswa ta zigoba za nkhono. Muli timizere takuda topyapyala, togona mowongoka, tosiyana kwambiri ndi mizere yokhota ya gneiss uja. Nditapera pang'ono n'kuyandikiza maginito ya sipika ya wailesi, tinjere takuda tina tinamatirira, chimodzimodzi mchenga wakuda uja timauona m'mphepete mwa nyanja mwera ukawomba. Apa sindikukayika, uwu unali mchenga wa gombe.

Koma shelefuyo si mwala umodzi. Ili ndi magawo atatu osanjikizana: lapamwamba lotuwa, lokhuthala ngati masentimita 8, lapakati lofiirira ngati tiyi wamkaka, masentimita 15 mpaka 18, lapansi lachikasu, lokhuthala kuposa onse, ndiponso lokongola kuposa onse. Mtima wanga unali pa lapansilo. Ulendo uno ndadziletsa. Ndatenga zidutswa zitatu pa gawo lililonse.

29 Juni

Mlungu wonse wathera pa kuyesa, ndipo ndi mlungu umene wandiphunzitsa zambiri kuposa yonse.

Viniga. Poyamba ndinadontheza pa mwala wosapala, sindinaone kanthu, ndinayesa kuti viniga ndi wabodza. Aphunzitsi anati viniga ndi wofooka, ndiyambe ndapala ufa ndi msomali kenaka ndidontheze pa ufawo, ndiikenso khutu pafupi. Gawo lapamwamba linachita thovu, kumveka kuti siii. Ndiye kuti chomata chake ndi laimu. Lapakati linachita thovu pokhapokha pamene pali chigoba cha nkhono, kwina konse zii. Mtundu wofiirirawo ndi dzimbiri la chitsulo, ndipo ndilo lamata njerezo. Lapansi silinachite kanthu, linangomwa vinigayo. Wina anandiuza kuti ndiyese ndi asidi wa batire. Musachite zimenezo, mudzapsa nazo manja ndi maso pachabe. Madzi a ndimu amagwiranso ngati viniga.

Kulira. Ndinapachika chidutswa chilichonse pa chingwe n'kuchigogoda ndi hamala. Lapamwamba ndi lapakati zimalira ngati njerwa yopsa bwino. Lapansi limangoti phu, ngati chidina.

Madzi. Ndinayanika zidutswa padzuwa masiku atatu, ndinazisema kuti chilichonse chilemere magalamu 1,000 pa sikelo ya mayi wogulitsa mpunga pamsika, kenaka ndinaziviika m'ndowa usana ndi usiku. M'mawa mwake lapamwamba linalemera 1,050. Lapakati 1,080. Lapansi sindinalipime n'komwe: madzi anali achita matope, ngodya zonse zitasungunuka, ndipo nditalitola linagawika pawiri m'manja. Chomata chake ndi dongo basi. Lokongola lija, likanapita kumanda silikanaona mvula ya Febuluwale.

Ndinabwereza kuviika ndi kuyanika pa awiri otsalawo. Palibe chasintha.

Tchizulo. Lapamwamba limagwira mzere wakuthwa bwino, koma ndi lopyapyala, ndipo lili ndi malo ena olimba ena ofewa moti tchizulo amadumpha. Lapakati n'lofanana paliponse, limagumuka mwaulemu. Ndasankha lapakati.

Aphunzitsi anandichenjeza kuti magalamu 80 a madzi pa kilogalamu si pang'ono. Mwalawu ndi mwana, sunakhwime ngati wa ku Rumphi. "Ukhala, koma usausiye ukhale m'madzi."

12 Julayi

Kukumba. Ndinayamba ndakaonekera kwa amfumu a m'mudzimo, K5,000, ndi kwa mwini munda, K10,000. Anyamata atatu, masiku awiri, K5,000 aliyense patsiku, yonse K30,000.

Tinachotsa mchenga ndi mafosholo, tinatukula gawo lapamwamba ndi mgwala, kenaka ndinalemba muyeso ndi makala n'kusema ngalande yozama zala ziwiri mozungulira. M'ngalandemo tinakhoma zitsulo zisanu ndi chimodzi, kumenya chimodzichimodzi mosinthana, pang'onopang'ono, mpaka mng'alu utayenda wokha. Kulekanitsa ndi gawo lapansi sikunavute, dongo lija linatithandiza.

Mwala woyamba unatuluka wathunthu, wokongola. Tinaugoneka chafulati m'ngolo, pa thabwa lopanda kanthu. Ng'ombe zitatsika pa kamtsinje kena gudumu linagunda chitsa, ndipo ndinamva kuti thu. Unathyoka pakati. Wa ngolo analandirabe K15,000 yake, ndipo sindimuda, wolakwa ndinali ine. Mwala wongokumbidwa kumene umakhala ndi chinyezi, ndi wofooka, ndipo ukagona chafulati pakati pake pamalendewera.

Wachiwiri tinauimika chammbali ngati mmene amanyamulira galasi, pa matayala awiri akutha, matumba a mankhusu a mpunga uku ndi uku, n'kumanga ndi zingwe za mphira. Wafika bwino. K15,000 inanso. Ukulemera kuposa thumba la chimanga ndi theka, anthu atatu ndiye amautukula.

Zidutswa ziwiri za woyamba uja sindinataye. Ndiphunzirirapo.

26 Julayi

Ndausiya pamthunzi milungu iwiri, pa timitengo, kuti mphepo ya mwera iziudutsa pansi ndi pamwamba. Wayera pang'ono ndipo walimba. Msomali umene unkalowa mosavuta tsiku lokumba tsopano ukungokanda. Ndikanadziwa ndikanadula mbali zake udakali wauwisi.

Kuti ndifulumire ndinabwereka galaindala, K8,000, disiki yodulira miyala K9,000. Mbali zinayi zinawongoka tsiku limodzi, koma fumbi linadzaza bwalo lonse, ndipo usiku umenewo ndinatsokomola mpaka mbandakucha. Ndinali nditangomanga kansalu kumphuno. Fumbi la mwala wamchenga ndi quartz yoperedwa, ikalowa m'mapapo situluka, ndipo ndi imene imayambitsa silicosis, matenda amene anavutitsa anthu ambiri ogwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Utuchi wa mlombwa ndinauzolowera, koma ichi n'china. Ndagula masiki ya mphira yokhala ndi zosefera, K7,500. Galaindala ndabweza. Kuyambira lero ndikusema mwala uli wonyowa, botolo la madzi loboola pachitsekero lili pambali, ndipo ana ndawaletsa kusewera pafupi.

9 Ogasiti

Vuto limene sindinaliganizire. Chimodzi mwa zidutswa zophunzirira ndinachiimika pakhoma la bafa, pamene madzi amagwera tsiku lililonse, kuti ndione. Patha milungu inayi, nkhope yake yayamba kusendeka timapepala, kutsata timizere takuda tija.

Ndinathamangira kwa aphunzitsi. Anatenga buku n'kuliimika patebulo, masamba n'kuyamba kutseguka. Analigoneka, masamba n'kutsekeka. Mwalawu unagona mosanjikizana ngati masamba amenewo. Ukauimika, madzi amalowa pamwamba pakati pa masamba, pansi umayamwanso chinyezi cha m'nthaka, ndiye tsamba lakutsogolo, limene pali dzina la agogo, ndilo loyamba kugwa. Uyenera kugona mmene unagonera m'chigwembe.

Banja lonse linkayembekeza mwala woimirira kumutu. Ndinaimbira foni amayi aakulu, mtima ukugunda.

"Amayi, mwala uja sungaime. Ukaima, dzina lifufutika."

"Nanga ndalama zonse zija, mwanawe?"

"Ugona pamwamba pa chiliza, chopendekeka pang'ono ngati buku la pa guwa, kuti madzi azitsetsereka."

Anakhala chete, kenaka anati akambirana ndi malume. Madzulo malume anabwera okha kudzanena kuti zatheka, poti agogowo ngakhale ali moyo sankakonda kuimirira pagulu.

Mwamwayi tsiku lokumba ndinalemba ndi makala mbali imene inali kumwamba. Amene mudzakumbe mwala wotere, lembani musanautukule.

30 Ogasiti

Zilembo. Ndinayamba ndi za masentimita 3 pa chidutswa chophunzirira, ndipo pakati pa A ndi pa B pankagumuka, njere n'zazikulu kwambiri. Ndakweza kufika masentimita 5, ndatalikitsa mipata, ndipo vesi imene ankafuna yachoka, patsala dzina ndi zaka. Ndikusema ngalande yopendekera mbali zonse ziwiri kukumana pansi, kuyambira pakati kupita kumphepete, ndi nyundo yamtengo osati hamala. Hamala imagwedeza njere zoyandikana, mphepete mwa chilembo n'kufumbutuka pambuyo pake. Tchizulo amabuntha pakatha zilembo ziwiri zilizonse; ndikumunolera pa chidutswa cha mwala womwewu.

Pa nambala yomaliza ya chaka chobadwa ndinakumana ndi nsangalabwi yaikulu ngati nyemba, yobisala pansi pa nkhope. Ndinayesa kuizungulira, inazuka yonse n'kusiya dzenje pamimba pa 8. Kumata ndi simenti kukanaoneka ngati chigamba. Ndinatsitsa mzere wonse wa zaka ndi mamilimita 6, kukhala ngati kabokosi kolowa m'kati, n'kulembanso manambala onse. Masiku atatu. Kabokosiko ndakatsegulira kangalande kumunsi kuti madzi asamaime.

13 Sepitembala

Chambo. Pa mtengo ndimasema mamba limodzilimodzi, ndipo azungu amakonda zimenezo. Pano mamba akukana, lililonse likugumuka ndisanamalize linzake. Ndinawasiya. Ndasema thupi losalala lotukuka sentimita imodzi ndi theka, chipsepse chapamsana chachitali ndi minga yake, mchira, diso, ndi mzere umodzi wa khutu. Kusalaza ndachita ndi chidutswa cha mwala womwewu ndi madzi. Sandipepa ankangotha pachabe.

Malume atabwera anaima chapatali n'kupendeketsa mutu. "Mphwanga, agogo ako ankapha chambo. Uyu ndi mcheni." Ndinapsa mtima, koma ankanena zoona, thupi linali lowonda ndi lalitali. Kuwonjezera mwala sikutheka, ndiye ndinafupikitsa: ndinadya kumutu masentimita 3, ndinabweza mchira m'kati, mimba inaoneka yakuya. Ndinakagula chambo chenicheni pagombe n'kuchigoneka pambali mpaka ntchentche zitandithamangitsa. Ndalama ya chambocho sindikuiwerengera, tinadyera nsima.

Mnzanga wopenta anati ndipake vanishi kuti uwale. Ndinayesa pa chidutswa: unada ngati wathiridwa mafuta a galimoto, ndipo vanishi amatsekera chinyezi m'kati. Sindipaka kanthu.

2 Okutobala

Amfumu atilola kulowa kumanda dzulo, adzukulu anatsogola. Amisiri anamanga chiliza cha njerwa ndi simenti, pamwamba n'kusiya bedi lopendekera kumiyendo, kumutu kukwera masentimita 10. Ankafuna kuukhazika pa simenti, ine ndinakana. Simenti ndi yolimba kuposa mwalawu ndipo siitulutsa madzi, ndiye chinyezi chikanamathera m'mwala. Tinayala pulasitiki yakuda pansi pa bedi, kenaka dothi la laimu gawo limodzi ndi mchenga wa kumtsinje magawo atatu. Laimu K14,000. Mmisiri wamkulu anang'ung'udza kuti laimu sauma msanga. N'zoona, tauphimba ndi masaka onyowa chifukwa dzuwa la mwezi uno silikuseka ndi munthu. Mwala watulukira zala ziwiri kunja kwa njerwa mbali zonse, ndipo kunsi kwa mlomowo ndasemako kangalande kuti madzi azidontha pansi osabwerera.

Zonse pamodzi ndawononga K168,300. Anandipatsa K150,000. Ya thukuta langa palibe, ndipo K18,300 yatuluka m'thumba mwanga. Pa ndalama yonseyo, K51,000 inapita pa gneiss, pa ulendo wa lubwe ndi pa ngolo yoyamba ija.

4 Okutobala

Mwambo wachitika. Amayi aakulu anagwada n'kusisita chambo chija ndi dzanja, osanena kanthu. Akuluakulu awiri a mudzi woyandikana nawo andifunsa mtengo wake. Ndawauza kuti adikire mvula idutse kaye.

20 Disembala

Mvula yamphamvu yagwa kanayi tsopano. Ndinapempha kwa amfumu kukaona. Zilembo zili bwinobwino, ndapitamo ndi chala ndipo palibe njere yoyoyoka. Kangalande ka kabokosi ka zaka kanatsekeka ndi masamba, madzi anaima, ndipo pamenepo padera. Ndakakulitsa ndi tchizulo wafulati. Ngodya yakumanzere kumiyendo ikuchedwa kuuma kuposa zinzake, ndikuganiza kuti pulasitiki inang'ambika pamenepo poyala laimu. Ndaika chizindikiro, ndidzapimanso mu Epulo.

Chidutswa cha kubafa chija, choimirira, chataya nkhope yokhuthala ngati chikhadabo. Chinzake ndinachigoneka chafulati padenga la khola la nkhuku, ndipo zilembo zophunzirira zija zikuwerengekabe zonse. Kuchigwembe kuja ndinadutsako dzana, madzi adzaza, shelefu yonse yakwiririka ndi mchenga watsopano.